Mwafunsa, Tayankha: Maulendo a pa Galimoto Okaona Malo Ojambulirako Mafilimu M'mapiri

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndipo onse achokera kuno kwathu, m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Mayina a olemba tawasunga monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata aatali tawafupikitsa koma funso sitinalisinthe.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Luchenza. Mwana wina wa m'kalasi mwanga anandionetsa pa foni kanema wa alendo ali m'galimoto ya 4x4, akuwoloka mitsinje ndi kukwera mapiri a ku New Zealand, akuti akukaona malo amene anajambulako filimu yotchuka. Anandifunsa kuti anthuwo amakaona chiyani kwenikweni popeza filimuyo anaijambula kalekale, ndipo ine ndinasowa chomuyankha. Ndithandizeni. Mphunzitsi, Luchenza.

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyu mumulimbikitse, chifukwa wafunsa pamene pagona nkhani yonse. Maulendo otchuka a mtundu umenewu amanyamukira m'tauni ya Queenstown, pa chilumba cha kumwera cha New Zealand, m'mbali mwa nyanja ya Wakatipu. Mapiri ndi zigwa za kumeneko zinaonekera m'mafilimu atatu a The Lord of the Rings, amene anawatsogolera Peter Jackson ndipo anatuluka motsatizana mu 2001, 2002 ndi 2003. Ntchito yaikulu yojambula inayamba mu Okutobala 1999 n'kutha mu Disembala 2000, m'malo oposa 150 a m'dzikomo, ndipo ambiri mwa malowo ali kutali ndi msewu wa phula. Filimu yachitatu itapata mphoto 11 za Oscar mu 2004, mbiri ya mapiriwo inali itafika kale padziko lonse, ndipo anthu ankalolera kukwera ndege kwa maola ambirimbiri kuti akaime pamalo pamene anaona pa kanema.

Mlendo amalipira mpando m'galimoto yonyamula anthu ochepa, ulendo wa theka la tsiku kapena tsiku lathunthu, ndipo dalaivala ndi yemwenso amafotokoza zonse panjira. Ena amalowera ku Glenorchy, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Queenstown, n'kupitirira mpaka kudera lotchedwa Paradise. Ena amapita ku Arrowtown, kumene galimoto imalowa m'madzi a mtsinje wa Arrow ndi kuwoloka kangapo. Njira yochititsa nthumanzi kwambiri ndi ya ku Skippers Canyon, msewu wopapatiza umene anausema m'mbali mwa thanthwe pakati pa 1883 ndi 1890, potsatira golide amene anapezeka mu mtsinje wa Shotover mu 1862. Makampani obwereketsa galimoto salola kuti galimoto zawo zilowe mumsewu umenewu, ndipo n'chifukwa chake mlendo amafunika dalaivala wodziwa pokhotera paliponse. Apa tikuona kuti misewuyo sanailambulire alendo. Inalipo kale chifukwa cha migodi ndi ulimi wa nkhosa, ndipo malonda okopa alendo anangoipeza.

Tsopano tibwere ku funso la mwanayo. Nthawi zambiri, pamalo pamene anajambulapo sipatsala chilichonse. Pa kaphiri kotchedwa Mount Sunday, m'chigawo cha Canterbury, amisiri anatha miyezi yambiri akumanga mudzi wachifumu wa m'filimuyo, koma atatha kujambula anaphwasula zonse ndi kubwezeretsa malowo monga momwe analili, chifukwa umo ndi mmene anagwirizanirana ndi oyang'anira zachilengedwe. Mlendo wofika lero amapeza udzu, miyala, mphepo yozizira ndi mapiri a chipale chofewa chapatali. Woperekezayo amatulutsa chithunzi cha m'filimu, n'kuchiimika moyang'anizana ndi phiri, kenaka amaloza ndi chala kuti mzere uwu wa phiri ndi womwe uli pachithunziwu, kamera inali apa, akavalo anatulukira apo, ndipo nsanja iyo anaiwonjezera ndi kompyuta. Ena mwa operekezawo anagwirako ntchito pa nthawi yojambula, ndipo amasimba zimene anaona ndi maso awo. Malo odziwika amene nyumba zake zidakalipo ndi a ku Matamata, pa famu ya nkhosa, kumene anamanganso mudzi wa m'filimu ndi zipangizo zokhalitsa pokonzekera mafilimu ena otsatira, koma kumeneko alendo amafika pa basi n'kumayenda pansi.

Choncho mukamuuze mwanayo kuti filimu imangomupatsa munthu chifukwa chonyamukira kwawo. Chimene amalipirira akafika ndi phiri lenilenilo, luso la dalaivala, ndiponso pakamwa pa munthu wodziwa kufotokoza.

FUNSO: Ndakhala ndikuperekeza alendo pa phiri la Mulanje kwa zaka zambiri. Anzanga ena amauza alendo kuti J.R.R. Tolkien, mlembi wa mabuku amene anapangira mafilimu aja, anakwerapo phiri lathu lino, ndiponso kuti dzina la dziko la m'buku mwake, Shire, analitenga ku mtsinje wathu wa Shire. Alendo amaikonda nkhaniyi ndipo ena amawonjezera kangachepe potsanzikana. Kodi ndi yoona, ndipo kodi nanenso ndiziinena? Woperekeza alendo, Likhubula.

YANKHO: Achimwene, ndikuthokozeni chifukwa chofunsa musanayambe kuinena. Nkhaniyi ndinaimvapo nanenso kangapo, ndipo ndikumvetsa chimene imakomera m'khutu, pakuti munthu akaona nkhungu ikukwawa m'mitengo ya mkungudza ku Chambe m'mawa, sangadabwe kumva kuti malo otere anabala nthano. Koma si yoona. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa, pa 3 Januwale 1892, anachokako ndi mayi ake mu 1895 ali ndi zaka zitatu, ndipo sanabwererenso ku Africa kufikira imfa yake mu 1973. Dzina lakuti Shire m'buku mwake ndi mawu akale a Chingerezi otanthauza chigawo cha dziko, omwe amapezeka kumapeto kwa mayina ngati Yorkshire ndi Worcestershire, ndipo katchulidwe kake ndi kosiyana ndi ka mtsinje wathu. Angofanana kalembedwe basi. Si ife tokha amene timadzikokera mlembiyu, chifukwa anthu a ku Hogsback, m'mapiri a ku Eastern Cape ku South Africa, amasimbanso zofanana ndi zimenezi. Mafilimu ake nawonso sanajambulidwe kuno ngakhale kachigawo kamodzi.

Chimene ndikukupemphani kuti muchiganizire ndi ichi. Mlendo wokonda mabuku amenewa amadziwa mbiri ya mlembi wake kuposa inu ndi ine, ndipo amene sakuidziwa ali ndi foni m'thumba, adzafufuza madzulo omwewo akangopeza netiweki. Akagwira bodza limodzi pakamwa panu, mawa lake mukamuuza kuti tisakwere ku Sapitwa lero chifukwa chiperoni chayandikira, kapena kuti tisawoloke mtsinje uwu chifukwa kumtunda kwagwa mvula, adzayamba kukayika ngati mukunena zoona. Pa phiri lino mawu a woperekeza ndi amene amasunga moyo wa mlendo, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti alipo alendo amene anataya miyoyo yawo atapita okha kumtunda. Sindingafune kuti mugulitse kukhulupirika kwanu ndi kangachepe ka potsanzikana.

Komanso chimene chimandipweteka n'chakuti tikubwereka nthano ya eni pamene zathu zili mbwee. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi muno. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, bungwe la UNESCO linalizindikira mu 2000 ngati malo apadera a zamoyo zosiyanasiyana, ndipo mu Julayi 2025 linalilemba m'kaundula wa malo ofunika kwambiri padziko lonse. Polilemba m'kaundulayo sanayang'ane kutalika kwake, koma chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene amalilemekeza ngati mokhala mizimu ya makolo. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe pena paliponse padziko lapansi, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Mlendo mukamukhazika pa mwala pa Dziwe la Nkhalamba, madzi akugwa kumbuyo kwake, n'kumufotokozera chiyambi cha dzinali monga momwe agogo anu anakusimbirani, mwamupatsa chinthu chimene sangachipeze ku Queenstown. Ngakhale ku New Zealand komweko, phiri la Ngauruhoe, limene linaimira phiri lamoto m'mafilimuwo, ndi lopatulika kwa Amāori, eni nthaka a dzikolo, ndipo ojambula anayenera kulemekeza zimenezo.

Mlendo akaiyambitsa yekha nkhani ya Tolkien, muyankheni mwaulemu kuti anthu amanenadi zimenezo koma mlembiyo sanafikeko kuno, kenaka mupitirize ndi za phiri. Akafunsa za filimu yodziwika kunja imene inajambulidwadi m'Malawi, muuzeni za The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anaijambulira ku Kasungu, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ndipo zokamba zake zambiri zili m'Chichewa.

FUNSO: Ndili ndi pikapu ya 4x4 imene ndimanyamulira mbewu ndi makabichi. Ndikuganiza zoyamba kutenga alendo kukawaonetsa malo okongola a ku Thyolo ndi Mulanje monga amachitira kunjako. Kodi ndiyambire pati? Komanso bwanji boma osalambula msewu wokwera pamwamba pa Mulanje monga ulili wa ku Zomba, kuti okalamba ndi ofooka nawonso azikafika ku Lichenya, pamwamba pa phirilo? Mwini galimoto, Bvumbwe.

YANKHO: Bambo, ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, ndipo ndiyankha mosapita m'mbali: msewu wa galimoto wokwera pamwamba pa Mulanje sindikugwirizana nawo. Chifundo chanu pa okalamba ndachimva, koma phiri ili si la Zomba. M'mbali mwake ndi matanthwe oimirira, dothi lake ndi lopyapyala, ndipo mvula imagwa yochuluka kwambiri. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'Malichi 2023, pamene matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsetsereka kuchokera m'mapiri n'kukwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, akudziwa chimene chimachitika dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi. Msewu uliwonse wodulidwa m'mbali mwa phiri umasanduka ngalande nthawi ya dzinja. Pamwambapo ndi pamene pamachokera Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi mitsinje ina, ndipo ena mwa madzi amene anthu a ku Blantyre amamwa amatengedwa ku Likhubula. Msewu wofika ku Lichenya ungafupikitsenso ulendo wa odula mkungudza mozemba, ndipo ungalande chakudya pakamwa pa operekeza alendo ndi onyamula katundu, amene mabanja awo amadalira njira zapansi zopita ku nyumba zogonamo alendo za ku Chambe, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Kale matabwa a ku Chambe ankatsitsidwa pa chingwe cha m'mwamba mpaka ku Likhubula, ndipo ngakhale nthawi imeneyo sanalambule msewu wa galimoto wokwera kumeneko.

Galimoto yanu ili ndi ntchito yake kunsi kwa phiri, ndipo ntchitoyo ndi yaikulu. Mungathe kunyamuka pa Chitakale m'mawa dzuwa lisanaphimbidwe ndi mitambo, kuima ku Likhubula kumene thanthwe la Chambe limaoneka lonse, kupitirira ku Phalombe, n'kukwera pa mpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Tsiku lina mungalowere ku Lujeri, kumene minda ya tiyi imakafika m'khosi mwenimweni mwa chigwa cha Ruo. Kwanu ku Thyolo muli ndi timisewu ta m'maesiteti, ngati ya Satemwa imene inayamba mu 1923, ndipo wokalamba amene mukumuganizirayo angathe kuona zonsezi atakhala pampando. Mudziwe kuti misewu ya m'maesiteti ili ndi eni ake, choncho mukapemphe chilolezo ku ofesi musanalowetse alendo, ndipo ku nkhalango yotetezedwa mudzere pa chipata cha a zankhalango ndi kulipira zoyenera. Musalengeze kuti ndi ulendo wa malo a mafilimu pamene mulibe filimu yoti muloze. Ulengezeni monga ulendo wa tiyi ndi phiri. Koma ngati mukudziwa mathithi kapena munda umene oimba athu anajambulirapo kanema wa nyimbo, ndipo mukutsimikiza, alendo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adzakondwera kuimapo.

Za galimotoyo, kumbuyo kwa pikapu ndi kwa makabichi. Mlendo wolipira afunika mpando ndi lamba. Musanatenge khobidi la munthu, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse za COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi za chilolezo chonyamula anthu, muonetsetse kuti inshuwalansi yanu ikuteteza okwera olipira, ndipo mukalembetse ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo. M'galimoto musamasowe tayala lapadera labwino, jeke, thabwa loikapo jeke pa dothi lofewa, chingwe chokokera, khasu, madzi akumwa ndi bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba.

Ndikusimbireni zimene zinandionekera, kuti mumvetse chimene ndikulimbikira. Chaka china mu Januwale ndinakwera galimoto ya hayala ndi alendo awiri m'kamsewu kena ka m'minda ya tiyi ku Thyolo. Mvula inali itakata, dzuwa likuwala, ndipo dalaivala anati msewu wauma. Pamwamba pokha ndi pamene panauma. Titayamba kutsika chitunda, iye anatsikira pa mabuleki m'malo moika giya yamphamvu, dothi lofiira lija linamatirira m'matayala mpaka mizere yonse inatsekeka, ndipo galimoto inayamba kuyenda cham'mbali pang'onopang'ono, chiwongolero chili m'manja koma chosamvera. Tinakaima tayala limodzi lili m'ngalande. M'galimotomo munalibe khasu kapena chingwe. Amene anatipulumutsa ndi amayi ndi abambo otchola tiyi, omwe anatula madengu awo, nathyola nthambi za bulugamu kuyala pansi pa matayala, n'kukankha mpaka zovala zawo zonse zinafiira. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndasuzumira kumbuyo kwa galimoto ndisanakwere. Potsika muziika giya yamphamvu musanayambe chitunda, injini ndiyo izigwira galimoto, chifukwa mabuleki akatentha amaleka kugwira. Pa mtsinje wopanda mlatho muzitsika n'kuyesa kuya kwake ndi ndodo, ndipo madzi akakhala ofiira ndi othamanga mubwerere, ngakhale alendo atadandaula. Chaka choyamba muyende kuyambira Meyi mpaka Okutobala basi, mukukumbukira kuti chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimatha kuterereza msewu ndi kubisa phiri kwa masiku angapo. Ndipo mutenge woperekeza alendo wodziwa phiri akhale pambali panu, inu maso pamsewu, iye azifotokoza.

FUNSO: Ine ndimagulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kuphiri. Galimoto za alendo zimadutsa mothamanga, fumbi lonse pa malonda athu, ndipo ena amatijambula pawindo osatipatsa ngakhale moni. Maulendo amenewa akachuluka, ife a m'midzi tidzapindulapo chiyani? Mayi wa geni, Mulanje.

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo ndaliika pomaliza dala kuti bambo a ku Bvumbwe aja aliwerenge asanalize injini. Phindu silifika lokha m'mudzi chifukwa chakuti galimoto zachuluka. Ku Wadi Rum, m'dziko la Jordan, chigwa cha mchenga ndi mapiri a miyala kumene kwajambulidwa mafilimu ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960, amene amayendetsa alendo pa mapikapu, kuwaphikira ndi kuwagoneka m'misasa ndi Abedouin a komweko, choncho gawo la ndalama limatsala m'manja mwa eni dera. Kumene alendo anangosiyidwa kuti azichuluka popanda malire zinthu zinaonongeka, monga ku gombe la Maya Bay ku Thailand, limene linatchuka ndi filimu ina ya mu 2000 ndipo boma linalitseka mu 2018 mpaka kumayambiriro kwa 2022 kuti zachilengedwe zibwerere mwakale.

Musadikire kuti eni galimoto akuganizireni. Inu ndi amayi anzanu a pamalopo mupite kwa amfumu, ndipo amfumu aitane eni galimoto ndi atsogoleri a operekeza alendo kuti mugwirizane zinthu zooneka: kuti galimoto zizichepetsa liwiro podutsa pamudzi ndi pasukulu, kuti pakhale malo amodzi oima pamene alendo azitsika ndi kugula, ndiponso kuti dalaivala aziuza alendo ake asananyamuke kuti munthu sajambulidwa asanapatsidwe moni ndi kupemphedwa. Muli ndi ufulu wokana kujambulidwa, ndipo ana asajambulidwe popanda kholo. Kumbali yanu, konzani kathandala kokwera pansi pa mthunzi chapatali pang'ono ndi fumbi, mukhale ndi madzi oyera osambira m'manja ndi mpeni waukhondo, ndipo mitengo ya zipatso muilembe pa kabolodi kuti mlendo asaope kuti mumukwezera. Nanazi wa ku Mulanje wosendedwa pomwepo mlendo akuona amadzigulitsa yekha. Mukagwirizana ndi amfumu, mutilemberenso kuti tidzalengeze malo anu oimapo m'magazini ino.